Timizere ta pa Chigayo cha Bambo

9 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Khalani pansi kaye.

Mukukumbukira chigayo chamanja cha m'galaja chija, chimene Bambo amaphwanyira chimera akamafulula mowa wawo? Chibwerereni ku yunivesite chakhala chikundinyansa. Munthu wa digiri ya uinjiniya, ntchito osaipeza, n'kumaonerera bambo ako akupukusa chitsulo ola lathunthu! Ndinawauza kuti dziko linasintha. Anangoti, "Injiniya, ukadzagula chako udzachisinthe."

Lachiwiri atapita kumsika ndi Amayi, ndinachimasula chonse. Ndinachotsa chogwirira n'kumangapo mota. Kabawuti kamene kamatsegula ndi kutseka mpata wa pakati pa zogudubuza ziwiri zija kanali ndi timizere tokandakanda. Ine ndinati ndi uve, ndinakapala ndi sandipepa mpaka see, n'kupaka penti, n'kumata pambali kapepala ka manambala. Mpatawo ndinauchepetsa, poti ndinawerenga kuti chimera chosalala chimatulutsa shuga wambiri.

Achimwene, zimene zinatuluka! Ufa wokhawokha. Makoko, amene amayenera kutsala athunthu kuti madzi azisefekera m'menemo, anasanduka fumbi. Nditauthira mumphika wofululira, munangoti phala gwa, pampopi pake osadontha kanthu. Ndinatsegula mpata, njere zinayamba kudutsa zamphumphu. Ndinatsekanso, chogudubuza chimodzi chinaima, mota n'kumangolira.

Bambo analowa, n'kutapa ufawo m'dzanja. "Wapanikiza kwambiri, ndipo mbali imodzi yapendekeka. Mota wakoyo akuthamanganso ngati wakuba." Ndinadikira kukalipiridwa. Koma iwo anangotambasula dzanja n'kugwira kabawuti kaja. Chala chinazungulira kamodzi, kawiri, katatu, kenako chinaima.

"Timizere tanga tili kuti?"

"Ndachotsa, Bambo. Tsopano pali manambala. Ingowerengani."

Anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Ndawaona. Ndi okongola."

Achimwene, ankayang'ana mbali ya kukhoma. Kapepala kanali mbali yanga.

Ndinawayandikira. Ndinaimika zala zitatu patsogolo pa nkhope yawo.

"Bambo, zala zingati?"

"Usandiyese mwana wa mkaka, iwe."

Amayi anali ataima pakhomo, thumba likadali m'manja. Anati, "Muuzeni, bambo ake. Watulukira."

Chaka ndi miyezi inayi akutibisira kuti maso awo akufa! Akuti pakati amangoona chifunga, kuwala kwatsala m'mbali mokha. Nyuzipepala imene amaitambasula m'mawa uliwonse ndi yotiphimba ife m'maso. Galimoto sanaisiye chifukwa cha bondo monga ankatiuzira. Ndipo Amayi akamawagwira mkono pamsewu, si chikondi cha ukalamba chimene tinkawaseka nacho chija. Ine miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba imodzi, kudya nawo tebulo limodzi, maso ali pa zotsatsa ntchito, sindinaone kanthu. Mpaka pano ndikulephera kumvetsa.

Kuchipatala akukana. Akuti tikangodziwa tonse, tidzawatsekera galaja n'kuwakhazika pampando ngati katundu. Mowawo ndi ntchito yokhayo imene ankaigwirabe okha popanda wowalondolera, ndipo timizere tija ndito tinali maso awo. Ine ndinatipala.

Dzulo ndinachotsa mota n'kubwezeretsa chogwirira. Tinakhala awiri, iwo akupukusa pang'onopang'ono, kutapa, kufikisa ndi zala: "Tsegula pang'ono. Wapitirira, phuma lakolo! Bwerera. Apo!" Njere yosweka patatu, khoko lathunthu. Ine n'kukanda kamzere ndi tupa pomwepo. Chala chawo chitakapeza anati, "Eya, digiri yayamba kugwira ntchito." Ndinaseka, kenako ndinatuluka mpaka kugeti, chifukwa makutu awo ndi akuthwa.

Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, ndipo ndinalumbira. Mundikhululukire, nawonso adzandikhululukire. Inu amakumverani, ine amandiona ngati wopupuluma, ndipo sakunama. Bwerani mwezi uno usanathe muwatengere kwa dokotala wa maso. Namwino woyandikana nafe uja akuti matenda ena a maso sadikira munthu. Musaimbe foni, angazindikire. Za ntchito yakutali ija ndinkakuvutitsani nayo, andiitana Lolemba, koma ndawayankha kuti sindibwera. Musandifunse zambiri, ndingasinthe maganizo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akukupatsani moni, akuti musawadandaulire. Bambo nawonso akupereka moni. Akuti chithunzi cha khanda munatumiza chija anachiona, ndipo mwanayo watenga mphuno yawo. Chonde, pobwera mubwere naye, kuwala kwa m'mbali kuja kukadalipo.

Ndine mng'ono wanu,
Injiniya