Gitala yanu ndi anyamata atsopano

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwendo wa amayi uja wayamba kupola, ndipo fodya yense ali m'chigafa.

Loweruka bandi yathu inakayimba pa ukwati ku Kaomba. Paja Yohane wa ng'oma anapita ku chikamwini, ndipo Gift analowa kwaya, akuti nyimbo zathu za roko ndi phokoso lachikunja. Mwa amene tinayamba nanu m'chigafa cha amalume, ndatsala ndekha. Nanenso mwezi wamawa ndikukakhala kwa akazi anga ku Lukwa, chifukwa apongozi akana chitengwa. Ndiye ndinati ndiwayese anyamata atsopano amene alowa m'bandimu. Gitala ya besi ndinapatsa Madalitso, woyimba watsopano, ine n'kukakhala pakati pa anthu.

Anayimba nyimbo yanu ija yodandaula za ku okushoni ya fodya. Anaithamangitsa kwambiri, komabe anthu anavina mpaka fumbi kobo. Mayi wina pafupi nane anafunsa kuti, "Kodi anapeka nyimboyi ndani?" Amuna awo anati, "Ndi yakalekale iyi, ilibe mwini." Ine sindinadziwe ngati ndikhumudwe kapena ndikondwe.

Anyamatawa akupempha kuti gitala yanu ndi dzina la bandi zitsale kwa iwo. Sindingavomere popanda mawu anu. Mukalola, mutumize nsambo, pakuti pano akumangirira waya wa buleki ya njinga.

Mulungu akusungeni. Mukadzabwera, mudzavine nawo nyimbo yopanda mwiniyo.

Ine mng'ono wanu,
Chikondi