Amayi a Mvano andimwera limonchelo wa asewere

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, ndimakhala ku Thamesmead ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chibadwire mowa sindinaulawepo. Yunifolomu ya Mvano ndinaivala ndili kumudzi, ndipo kuno ku London amayi a Mvano ndiwo abale anga. Mayi anga atamwalira ku Mulanje ine ndili kuno, ndi iwowa amene anagona nane pansi mpaka maliro atatha. Lero ndili pafupi kuvulidwa yunifolomuyo chifukwa cha mandimu.

Mwana wathu Mwai wapeza mnyamata wa ku Italy, waulemu wake, wosasankha ndiwo. Makolo ake akubwera pa Khirisimasi kudzationa. Nditafunsa Mwai kuti asewerewa tidzawalandira bwanji, anati kwawoko mlendo akatha kudya amamupatsa kakapu ka limonchelo, chakumwa cha mandimu chopanga pakhomo, ndipo mayi wogula cha m'sitolo amamuona ngati mlesi. Mawu akuti mlesi ndi amene anandilowa. Ndinaimbira asewere aakazi foni yoonana nkhope, iwo Chitaliyana, ine Chichewa, Mwai ndi bwenzi lakelo pakati, mpaka ndinamva kapangidwe konse.

Umasenda mandimu, kachikasu kokha, osafika koyera chifukwa koyerako kumawawitsa. Makokowo umawanyika m'vodika. Apa mpamene ndinazindikira kuti tikukamba za kachasu wa azungu, koma ndinali nditalonjeza kale. Vodikayo ndinakagula kutsidya kwa mtsinje, ku Barking, kuti ndisakumane ndi munthu wa kumpingo, kuiwala kuti theka la mpingo wathu limakhala komweko. Ndinabwerera nditakulunga mabotolo m'chitenje ngati khanda.

Mtsuko wa makokowo ndinaubisa m'kabati, kuseri kwa zokolopera. Patatha masabata angapo ndinasefa n'kusakaniza ndi madzi a shuga owiritsa, atazizira. Asewere anati ndiike m'mabotolo abwino, m'filiza. Koma Aphungu, ife Amalawi botolo sititaya. Ndinali ndi mabotolo a Sobo amene anatha kalekale, obwera ndi alendo ochokera kumudzi, ndipo filiza inali yodzaza nyama ya mbuzi. Ndinangothira m'mabotolo a Sobowo n'kuika pachitseko cha firiji. Amuna anga, a Shadrick, sindinawauze kanthu poti ndi mkulu wa mpingo.

Loweruka lapitali Mvano unali kwathu. Wondilandira shifiti anachedwa, basi nayo inachedwa, ndiye ndinaimbira a Shadrick kuti alandire amayi, awapatseko chakumwa. Potsika basi ndinamva nyimbo ikuchokera pawindo lathu. Chikhalire sitinaimbepo choncho.

Nditalowa ndinapeza a Justina, alembi athu, amene ngakhale "ameni" amamunena chamumtima, atakwera pakampando akutsogolera kolasi. Gogo wina amene amabwera ndi ndodo anali ataikoleka pachitseko, akudula chiuno. A Edna ndi a Charity, amene sanayankhulanepo zaka ziwiri, anali atakumbatirana akulira, aliyense akulimbikira kuti wolakwa ndi iyeyo. A Shadrick anandichingamira ndi jagi m'manja, akumwetulira.

"Mayi a Mwai, Sobo wanu wa mandimuyu safuna madzi ambiri, ndikungothira theka ndi theka. Ndawauza kuti mwapanga nokha," anatero.

Iwo sanalawe, ali ndi matenda a shuga.

A Justina anatsika pakampando n'kundigwira mapewa. "Sisita, lero Mzimu watsika pa Thamesmead! Ndiye juwisi ameneyu, eee, ali ndi kudzoza."

Amayi Abusa okha ndi amene anakhala phee pakona, tambula ili chidzazire. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Makoko munasenda bwino, sakuwawa. Koma zoterezi malo ake ndi m'filiza, mayi, osati pachitseko cha firiji." Mwina amakonda zozizira kwambiri, sindikudziwa.

Lamulungu a Edna anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni za chitsitsimutso cha kwathu, mpingo wonse m'manja. Tsopano a Justina andipempha kuti ndipangenso juwisi yemweyo wa phwando la Khirisimasi la ana a Sande Sukulu. Mwai akungoti, "Mum, just tell them," ngati n'zophweka.

Kumpingo kwathu wofulula mowa amadulidwa, nanji womwetsa Mvano wonse. Ndikaulula, yunifolomu yapita, ukulu wa a Shadrick nawo uli pachiswe. Ndikapanga madzi a mandimu wamba n'kukhala chete, adzafunsa kuti kudzoza kwapita kuti. Ndikuopa, Aphungu. Botolo latsala limodzi, asewere ali m'njira. Ndichite chiyani?

E.K., Thamesmead

Mayi E.K.,

Ndaseka mpaka misozi, koma tiyeni tiyambe ndi zosaseketsa. Pafupi ndi ana a Sande Sukulu pasafike ngakhale dontho. Pamenepo palibe zokambirana. Apangireni madzi a mandimu ndi shuga, muwauze a Justina kuti ndi amenewo basi.

Chete yekha sakupulumutsani. Mwa amayi amene anamwa aja muli omwa mankhwala a BP ndi a shuga, muli oyendetsa galimoto, muli amene anapita kushifiti kukasamalira odwala. Anamwa chimene sanasankhe, ndipo ayenera kudziwa chimene chinalowa m'thupi mwawo. Mukabisa, cholakwa cha ngozi chisanduka chinyengo, ndipo chimenecho ndicho chimavulitsa yunifolomu.

Yambani ndi a Shadrick, lero lomwe, atakhala pansi. Munthu anayenda ndi jagi nyumba yonse akutamanda luso la akazi ake, asamve nkhaniyi kwa ena. Akwiya, ndipo akuyenera kukwiya, chifukwa munawabisira. Koma nawonso afunseni kuti ndi liti anaona Sobo wothira theka ndi theka.

Za a Edna ndi a Charity musadandaule. Kupepesana kunali kale m'mitima mwawo, kumangosowa potulukira. Poti Lamulungu a Edna anaimirira ali bwinobwino n'kubwereza zomwezo, mgwirizanowo ndi weniweni, ndipo mudzawauze choncho pamene azidzachita manyazi.

Asewere musawaope. Botolo latsalalo lisamutsireni m'botolo lagalasi, mulembepo MOWA ndi zilembo zoti gogo wa ndodo uja awerenge wopanda magalasi. Ngati inu ndi a Shadrick mugwirizana kuti m'nyumba mwanu mowa ayi, mupatseni mkamwini akasungire makolo ake. Mayi amene anawoloka mtsinje, kusenda mandimu mulu wonse n'kuika dzina lake pachiswe chifukwa cha alendo, palibe angamutche mlesi, kaya ndi ku Italy.

Tsopano werenganinso kalata yanu, pamene pali Amayi Abusa. Ndani amaika Sobo m'filiza? Amauma gwa. Chosauma m'filiza ndi chimene muli nachocho. Ndipo munthu wongomwa juwisi za makoko angazidziwe bwanji? Mayi amenewa anadziwa pa fungo loyamba. Akanafuna kukuyalutsani akanaimitsa kolasi pomwepo, kapena akanauza abusa usiku wake. Sanatero. Akudikira kuti mubwere nokha, ndipo sadikira mpaka kalekale, makamaka akamva kuti juwisi wa kudzoza akupita kwa ana. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pitani kwawo sabata ino, inu ndi a Shadrick, musanakumanenso ku Mvano. Fotokozani monga mwandifotokozera inemu, osachotsa za chitenje. Apempheni kuti akhale pambali panu pouza amayi enawo. Mwina akukhazikani pambuyo kwa kanthawi, mulandire. Anthu amene anagona nanu pansi pa maliro a mayi anu sangakutayeni chifukwa chonena zoona.

Chenjezo langa ndi ili. Botolo la Sobo likatha, tayani, ku London kuno zinyalala amatenga. Ndipo mukafika kwa Amayi Abusa, pepesani, thokozani, imwani tiyi amene akupatseni, koma musawafunse kuti za m'filizazo anaziphunzira kuti.

Aphungu