Gweru la Amayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Nanga mankhwala mukumwa, kapena mukungowasunga m'kabati ngati zokongoletsa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ntchito ndi yomwe ija mumandiseka nayo kuti ndimalipidwa poyang'ana kumwamba. Kunena zoona kumwambako sindiyang'ana n'komwe, ndimangokhala m'kachipinda kopanda zenera, ine ndi kompyuta. Pulaneti imene timafufuza ndi yaikulu, yozizira koopsa, yokutidwa ndi mitambo, ndipo palibe angakapondeko. Telesikopu imatola kuwala kwake kosaoneka ndi maso, kokhala ngati kutentha kumene mumamva patsaya mukayandikiza simbi. Makina amakumwaza kuwalako ngati utawaleza. Mpweya uliwonse wa kumeneko umadya kachigawo kake n'kusiya mpata, ndiye tikaona mpatawo timadziwa mpweya umene ulipo.

Chaka chatha ndinapeza kampata kamene anzanga onse ankati ndi vuto la makina. Ndinakakamira, ndinayeza mobwerezabwereza mpaka maso kufiira, ndipo kanalipodi. Mzere wake unali ngati mano ondondozana bwino, limodzi lokha litaguluka chakumanzere, ndiye ndinakatcha gweru. Ndinkakumbuka lanu lija limene mumabisa ndi dzanja mukamaseka.

Za dzinali ndinauza munthu mmodzi yekha, Ndibwereke, mwana wa azakhali amene munalera m'nyumba mwathu. Paja ndinu munandipempha kuti ndimupezere malo kuno, munati chibale ndi fupa sichiola. Ndinamulankhulira kwa abwana, ndinamugoneka pabalaza panga mpaka anapeza pake. Dzina la Ndibwereke lija munamupatsa poti nsapato, cholembera, chilichonse ankangobwereka, ine ndinkaliyesa nthabwala.

Mwezi watha kunali msonkhano wa akatswiri. Ine chimfine chinandigwetsa, mawu anatheratu, ndiye ndinamupatsa zithunzi zanga kuti akandiyimire. Amayi, anakaima kutsogolo n'kunena kuti kampata kaja anapeza ndi iye. Ndinaonera pa kompyuta ndili gone. Wina atafunsa tanthauzo la gweru, anayankha akumwetulira kuti analitcha pokumbukira mayi amene anamulera. Anthu anamuombera m'manja. Ndiye kuti anatenga ntchito yanga, n'kutenganso inu.

Tsopano nthawi yogwiritsa ntchito telesikopu chaka chamawa apatsa iye, ndipo abwana akuti aona ngati ine ndikufunikabe. Nditamufunsa Ndibwereke m'khitchini ya ku ofesi, anangopitiriza kutakasa tiyi wake, n'kundiuza kuti mmodzi wa m'banja akakwera takwera tonse. Ndinalira, sindikubisirani. Akanandibera mlendo ndikanalimba mtima, koma uyu tinkadyera mbale imodzi. Ndakadandaula kwa akuluakulu, koma akuti mawu anga ndi ake akulemera mofanana.

Pempho langa ndi limodzi. Ndibwereke akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi, ndipo akuuza aliyense kuno kuti akakutengerani kwa dokotala wa mano kuti akakuikeni dzino latsopano. Musamupirikitse, musamukalipire, koma dzinolo mukane. Mumukhazike pampando wa bambo uja, mumuyang'ane m'maso, museke osaphimba pakamwa. Kenako mumufunse kuti gweru limeneli anabwereka kwa ndani, nanga abweza liti.

Mupereke moni kwa achimwene ndi alamu, kwa amalume, ndi kwa adzukulu anu onse. Azakhali muwapatsenso moni. Iwo sanalakwe kanthu, ndiye musawauze kaye.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Wakumitambo