Paipi ya kudimba pa Landirova

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Tsiku lonyansa.

Dzulo ndinamanga choziziritsira oyilo pa Landirova ya a tcheyamani a chipani a kuno, chifukwa injini imatentha pokwera ku Luwawa. Ndinawapempha kuti tidikire mapaipi enieni ochokera ku Mzuzu. Iwo anandiponyera paipi yothirira kudimba.

"Mangani iyi, a Jere. Msonkhano sudikira makaniko."

Ndinamanga mtima ukukana.

Lero paipiyo yaphulika asanafike pa Jenda. Oyilo yense watayika, injini yagwira n'kuferatu. A tcheyamani abwerera pa thirakitala ya fodya, malaya ali bii, n'kudzandikalipira pamaso pa anthu kuti ndine mbuli.

Koma chikundinyansa kwambiri si iwo ayi, ndi pakamwa pangapa. Ndavula chipewa n'kuwathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, bwana."