Mtanda wofiira pakhoma la apongozi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 44 ndipo ntchito yanga ndi yogulitsa malo kuno ku Mponela. Ansanje amatitcha madobadoba, koma ife tili ndi bungwe, tili ndi chidindo, ndipo wapampando wake ndine.

Kuseri kwa msika kuli dera lomwe anthu analitcha Mpanipani. Nyumba zake n'zothinana moti ukayetsemula kwako, wopukuta kumaso amakhala wa nyumba ina. Galimoto silowa. Chaka chatha kutagwa maliro a mphunzitsi wina, bokosi linachita kudutsa pamwamba pa mipanda itatu, anthu akupatsirana ngati thumba la chimanga. Zinandikhudza kwambiri. Komanso ndisabise, ndili ndi mapoloti anga anayi kumtunda kwa derali omwe atha zaka zitatu osagulidwa, chifukwa aliyense wobwera kudzaona amafunsa kuti, "Nanga galimoto ndizikaisiya kuti?"

Ndiye ndinaitanitsa anzanga kuti tilembere khonsolo. Chikalatacho ndinalemba ndine, masamba atatu. Tinati msewu womwe uli pa mapu utsegulidwe, ndipo aliyense amene anamanga mumsewu amugumulire mosayang'ana nkhope. Mawu akuti "mosayang'ana nkhope" ndinawadula mzere kunsi kawiri. Tsiku lokapereka ndinavala jekete, ndinayankhula mpaka akhansala anaimirira kudzandigwira chanza. Kunena zoona, tonse tinkaganiza kuti chikalatacho chikagona m'kabati mpaka njenjete zitachidya, ife n'kutsala ndi chithunzi chokongola choika pa foni.

Aphungu, anthu aja anachiwerenga.

Sabata yatha kunabwera oyeza malo ndi makina awo ndi chitini cha penti. Nyumba zisanu ndi ziwiri zalembedwa mtanda wofiira. Yachitatu ndi ya apongozi anga, aNachisale, mayi ake a mkazi wanga Rakele. Msewu ukulowera khomo la kumaso n'kutulukira kuchipinda chawo chogona.

Malowa ndinawapezera ndine zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, amuna awo atamwalira, pomwe tinawatenga kwa Dzoole kuti akhale pafupi ndi chipatala. Panali kampata kaudzu pakati pa mapoloti. Ndinamvapo kuti pa mapu ndi msewu, koma ndani anaonapo msewu wa pa mapu ukutsika n'kufika pansi? Ndinayeza ndi mapazi monga timachitira tonse, ndipo poti anali apongozi, ndinatambasula miyendo. Njerwa anaumba okha, mothandizidwa ndi amayi anzawo a Chigwirizano.

Iwo sakudziwa kuti chikalata chija ndi changa. Rakele nayenso sakudziwa, amangoona ndikupita kumisonkhano. Tsiku lomwe mtanda unalembedwa, apongozi anabwera kwathu. Anakhala pakhomo la khitchini, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa mwambo, n'kuuza mwana wawo mokweza kuti ine ndimve ndili pakhonde: "Uwauze abambo a kuno, poti iwo ndi odziwika ku boma, akandifufuzire mfiti yalemba kalatayi. Ndikungofuna ndiione nkhope." Ine ndinayankha kudzera mwa Rakele kuti, "Auze asadandaule, tiipeza." M'mawa mwake anatumiza tambala woyera wondithokoza. Ndinamudya.

Lachisanu likudzali kuli msonkhano pabwalo la sukulu. Akhansala andiimbira foni kuti adzawerenga chikalatacho pagulu, maina onse, kenako adzandiimiritsa kuti anthu andiombere m'manja. Apongozi achapa kale chitenje chawo chatsopano, akuti adzakhala kutsogolo.

Mnzanga Gregorio, mlembi wa bungwe lathu, akuti ndipite mwakachetechete kwa oyeza malo ndikawanyengerere kuti msewu ukhote pang'ono. Ukakhota ugwera nyumba ya mayi wina wogulitsa zitumbuwa, yemwe alibe wachibale wovala jekete. Apo ayi, akuti ndidzadwale malungo Lachisanu.

Rakele ndimamukonda, ndipo mayi ake sanandilakwirepo chilichonse. Ndili ndi mantha kuti nyumbayi ikagwa, banja langa ligwera limodzi. Mwambo sundilola n'komwe kuyang'anana nawo apongozi, nanga nkhani yotere ndiiyambira pati? Ndithandizeni, masiku atha.

B.K., Mponela

A B.K.,

Poyamba ndikuyamikireni. Anthu ambiri akatumidwa kukafufuza mfiti amayenda mpaka nsapato kutha. Inu mwaipeza osachoka pakhonde.

Chikalata chanu musachite nacho manyazi. Bokosi la munthu siliyenera kulumpha mipanda, ndipo mawa wofuna ambulansi akhoza kukhala apongozi anu omwewo, amene munawatenga kwawo kuti ayandikire chipatala n'kukawaika pomwe galimoto ya chipatala singafike. Cholakwa si kalata ya chaka chino ayi. Cholakwa ndi miyendo yanu ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Munamva kuti ndi msewu, koma munayeza. Ndipo nyumba zina zisanu ndi imodzizo anawayezera ndani? Pamenepo mwadumphapo ngati mwaponda khala la moto. Ndikukayika ngati anthu ake amakhala kutali ndi chidindo chanu chija.

Malangizo a Gregorio mukawataye kudzala. Munadula nokha mzere kawiri kunsi kwa mawu aja, ndipo mayi wa zitumbuwayo nayenso ali ndi nkhope. Za malungo iwalani. Malungo a Lachisanu amachira Loweruka, koma dzina lanu lidzawerengedwa ngakhale mutagona ndi diripi pamkono.

Uzani Rakele lero, musanapinde n'komwe nyuzipepalayi. Adzakalipa, adzalira, mwinanso adzapita kukagona kwa mayi ake masiku angapo. Mulekeni, ali ndi chifukwa. Chomwe sangadzakhululuke ndi kumva nkhaniyi pa chimkuzamawu, iye atakhala pambali pa mayi ake, khamu lonse likumuyang'ana.

Mwambo musabisalemo. Makolo omwe anati mkamwini asayang'ane apongozi m'maso ndi omwewonso anaika ankhoswe. Lachitatu lisadutse. Tengani ankhoswe anu ndi a Rakele, mukakhale pansi pabwalo la aNachisale. Dothi mukaliyang'ane mmene mungafunire, koma mawu akatuluke pakamwa panu: kalata ndinalemba ndine, malo ndinalakwitsa ndine. Tambala uja munadya, ndiye mukabweze wina, wamoyo.

Pepani sapoletsa chilonda, ndiye musakapite chimanjamanja. Mapoloti anayi aja mwawatchula mothamanga, koma ndawaona. Apongozi akasankhe okha imodzi, osati inu kuwalozera ya pachulu yomwe yakanidwa ndi aliyense. Akaiyeze ndi oyeza malo, mapepala atuluke m'dzina lawo. Njerwa iwo anaumba kale kamodzi ndi msana wawo, zachiwiri ndi zanu. Mpaka denga litakhomedwa azikhala kwanu, ndipo inu muzolowere kulowera khomo la kuseri.

Lachisanu jekete ija muvale. Koma anthu asanayambe kuomba m'manja, mupemphe mawu. Munene kuti msewu wa ku Mpanipani sunabedwe ndi anthu asanu ndi awiriwo, unagulitsidwa ndi inu ogulitsa malo, phazi ndi phazi. Munene kuti bungwe lanu lipezera mabanja onsewo pokhala, osati apongozi a wapampando okha. Kenako mupemphe khonsolo, ndi pakamwa panu potsetsereka paja, kuti isagwetse khoma anthu asanasamuke, ndipo mapu a derali akhomedwe poyera kuti wogula aliyense azidziwonera. Manja adzachepa, ndipo anzanu ena adzafuna wapampando wina. Chidindo n'chopepuka, chimanyamulika ndi aliyense. Mukatuluka pamenepo mukagule tepi yoyezera.

Sindikulonjezani kuti aNachisale adzaseka. Nyumba ija ndi yomwe anamanga ndi manja awo atangoika amuna awo, ndipo idzagwa ndithu. Zimenezo zidzawawawa nthawi yaitali, ndipo inu mudzangoyenera kupirira.

Koma chenjerani ndi ichi. Mayi amenewa akhala akutembenukira kumbali zaka zonsezi mukamadutsa, pokulemekezani. Tsopano apempha chinthu chimodzi chokha, kuona nkhope ya amene analemba kalata. Musalole kuti tsiku lawo loyamba kukuyang'anitsitsani likhale Lachisanu, iwo ali kutsogolo ndi chitenje chatsopano, inu mutaimirira, anthu akukuomberani m'manja.

Aphungu