Ndikungolawa, Amayi, Lole Sindinagule

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhala bwanji? Kaya kukutentha ngati kuno? Ngati kuli kamphepo pumulani ndithu, chifukwa zaka zonse zimene munakhala nafe kuno ku Ngara munkangodandaula kuti dzuwa la ku Karonga analipangira usipa woyanika, osati munthu wa ku Dedza.

Ndiyambe ndi zabwino. Munasiya mpongozi wanu Tusekile ali woyembekezera, ndiye kunabadwa mwana wamkazi. Tinamutcha Esnart, dzina lanu, ndipo watengadi zanu: chilichonse chimene wagwira chimayamba chapita pakamwa. Tsopano wapitirira chaka, akuyenda chodzandira, mawu akutola amodziamodzi. Mpunga chaka chino wachita bwino, ngakhale madzi osefukira anadyako mbali ya kumunsi kwa munda. Nthochi zanu zija za kuseri kwa bafa zikubereka moti apongozi anga amangobwera ndi chikwanje osapempha n'komwe. Mbuzi yanu yaliuma ija inafa, inameza jumbo. Sindinailire kwambiri, mukudziwa mmene tinkakhalira ine ndi iyo.

Ndazungulira mokwanira. Amayi, ine sindikuyenda.

Patangopita miyezi yochepa titakuikani m'manda, mabuleki a lole anakana ndikutsika mapiri a Chiweta nditanyamula malasha. Ndinatsitsimukira m'chipatala ku Mzuzu, kuchokera m'chiuno kupita kumunsi ndisakumva kanthu. Madokotala anayesa mbali yawo. Anandibweretsa kunyumba pa matiresi n'kundigoneka m'chipinda chanu chija, ndipo ndili momwemo mpaka lero. Panja ndimakana kutuluka. Tusekile wandinyengerera, abusa ayesa, koma sindifuna kuti anthu amene ankandiimitsa pamsewu kupempha lifiti andione nditanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Malole akamadutsa pa tala ndimawamva onse. Ndimadziwa kuti iyi yalemedwa, iyo dalaivala wake ndi wa dzulodzulo, akupha magiya. Masiku oyambirira ndinkadzitseka makutu ndi pilo.

Mlamu wanga Gwamaka, mchimwene wake wa Tusekile uja amagwira ntchito ya katundu ku malire a Songwe, ndiye anabwera ndi foni yake yakale, yagalasi lalikulu. Anati, "Shemeji, kumangowerenga malata chonchi mupenga. Umu muli magemu, muziseweretsa." Ndinamuyankha kuti ine si mwana wa sukulu. Anangoisiya pabedi n'kumapita.

Ndikufotokozereni bwino, poti inu foni munkaidziwa poyankha basi, ndiponso munkakuwa ngati munthuyo ali kutsidya kwa mtsinje. Magemu ndi masewera a pagalasi la foni, umawayendetsa ndi zala. Abwinowo ndi ogulitsa, koma eni ake ndi ochenjera ngati amayi a mumsika. Amakupatsa kachidutswa kaulere kuti uyese kaye, ukakomedwa ugule gemu yonse. Gwamaka kachidutswako amakatchula kuti demo. Ine ndimangoti zolawa.

Nditazindikira zimenezi ndinakukumbukirani mpaka kuseka ndekha. Tsiku la msika munkayamba ndi mtedza kwa uyu, usipa wokazinga kwa uyo, chinangwa chachiwisi n'kuluma kuti mumve ngati chikuwawa, mpaka mchere weniweniwu kunyambita. Ndili mwana ndinkakukokani chitenje ndi manyazi, inu n'kumati, "Dikira iwe, ndilawe kaye. Ukufuna ndigule ndi maso?" Pobwerera tinkanyamula kathumba kamodzi kokha, koma inu mutakhuta.

Ndiye nanenso ndinayamba kuzungulira msika wanga ndili chigonere. Ndinalawa ya mpira, zala zanga zikuluzikuluzi zinkangomenyera kugolo kwathu komwe. Ndinalawa yowomberana mfuti, Tusekile anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Yayi, nkhondo m'nyumba muno yayi, mwana akugona." Ndinalawa yaulimi, mmene chimanga umadzala, usanakande n'komwe pamsana chacha kale, popanda feteleza, popanda mbozi. Imeneyo inandikwiyitsa, amene anaipanga sanagwirepo khasu. Zonsezi ndinkalawa n'kuchotsa, mtima osagunda. Ndinkadzitama kuti ine ndine mwana wa amayi anga, sandigwira ndi zolawitsa.

Kenako ndinapeza ya lole.

Amayi, umakhala m'kati mwenimweni, kumpando wa dalaivala. Foni umaigwira ndi manja awiri n'kumaipendeketsa ngati chiwongolero. Magalasi oonera kumbuyo alipo, injini imalira ngati yeniyeni, ukaphonya giya imadandaula. Msewu wake ndi umodzi. Umatuluka pamalo opakira katundu, m'dziko lina lozizira la mitengo yowongoka, n'kudutsa pothirira mafuta, n'kuwoloka mlatho, kenako pamabwera mtsetse wautali wokhotakhota. Tsiku loyamba nditafika pamenepo ndinakumbukira Chiweta. Ndinadina mabuleki. Anagwira, Amayi. Nthawi iliyonse amagwira. Ndinatsika phiri lonse bwinobwino, ndipo nditafika pansi ndinalira ngati mwana.

Ukangotha mtsetsewo pali chipata, chitsulo chopingasa chofiira ndi choyera. Lole imaima yokha, pagalasi pamabwera mawu akuti kuti upitirire, gula. Ukadina, imakubwezera koyambirira kuja.

Msewu umenewu ndauyenda moti ndikhoza kuuyenda nditatsinzina. Ndikadzuka ndimapakira katundu. Chakudya chimazizirira pampando. Tusekile akabwera kudzanditembenuza kuti ndisachite zilonda, amanditembenuza foni ili m'manja, ine n'kumamuuza kuti pang'onopang'ono, ndili pakona. Moto wa sola ukachepa ndimakangana naye, iye akufuna wa nyali, ine ndikufuna wa foni. Inu munkati munthu wamkulu sakanganirana chinthu ndi mkazi wake anthu akumva. Anthu amamva, Amayi, nyumba yake ndi yomweyi ya makoma opyapyala.

Chipata chija ndimadana nacho. Ndayesa kuchilambalala, ndayesa kubwera ndi liwiro kuti ndichiphwanye, sizitheka. Gwamaka akuti kuseri kwake kuli mayiko ambirimbiri, madoko, misewu yosatha, munthu ukhoza kuyendetsa kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa popanda wokuimitsa. Kugula kwake kumafuna khadi la ku banki, ndipo iye ali nalo. Ndinamupempha ndekha. Tinagwirizana kuti mpunga ukagulitsidwa abwere adzandigulire. Mpunga unapita sabata yatha, ndipo iye akubwera Loweruka lino.

Koma pali chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Chipata chimene ndimachitukwanachi ndi chokhacho chimene chimandibwezera m'nyumba muno. Lole ikaima ndimatsitsa foni. Ndi pamene ndimaona kuti dzuwa lasuntha, kuti Tusekile wabwerako kumunda matope ali m'miyendo, kuti mwana wandiikira kachitsekero ka botolo pachifuwa. Ndimayankhula nawo mawu awiri atatu, kenako ndimayambiranso. Tsono chipatacho chikachoka, chidzanditsitse mu lole ndi chiyani? Ndimadzidziwa ine. Ndili ndi miyendo ndinkatha masabata ndili pamsewu, chonsecho nthawi imeneyo mafuta ankatha ndipo tulo tinkandigwira.

Ndinkayembekeza kuti Tusekile akana, kuti mwina andipulumutsa ndi mkwiyo wake. Ndinamufunsa akundipaka mafuta pamsana. Iye anati, "Gulani, bambo a Esnart. Mukakhala mu lole yanuyo ndi pamene nkhope yanu imafanana ndi ya munthu amene ananditenga kwathu. Sawa tu, palibe vuto, gulani." Ananena mofatsa, dzanja osasiya kupaka. Bola akanandikalipira.

Dzulo masana kunabwera amayi a kumpingo kudzandizonda. Anayala mphasa m'chipinda muno, anaimba, anapemphera, kenako anayamba kuseweretsa Esnart. Wina anamufunsa kuti mbuzi imalira bwanji, iye anati mee. Anamufunsa kuti amama amatani, iye anapinda timanja n'kumachita ngati akupeta mpunga. Onse anaomba m'manja. Ndiye mayi wina anati, "Nanga adada? Adada amatani?"

Mwana anayang'ana uku ndi uku, anatola patapata ya mayi ake pakhomo. Anaigwira ndi manja awiri, anaikweza mpaka kubisa nkhope yake yonse, n'kumaipendeketsa uku ndi uku akuti vuuu, vuuu. Amayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Nanenso ndinaseka nawo, ndikanatani. Tusekile anadzuka n'kunena kuti akukatunga madzi, chonsecho ndowa inali yodzaza. Amayi, mwana wanga nkhope yanga saidziwa bwino. Amadziwa kumbuyo kwa foni.

Sindikunamizani kuti gemu ndaichotsa. M'mawa uno ndatsika kale phiri lija, ndipo pamene ndikulemba pano zala zikuyabwa. Mtima ukufunitsitsa kuona kuseri kwa chipata, ndipo ndikuopa kuti Gwamaka akadzangotulutsa khadi lake, pakamwa panga padzavomera ine ndisanaganize. Inu mukanakhalapo mukanangondilanda foniyo n'kuiika pamwamba pa kabati, pamene sindingafikire, nkhani n'kuthera pompo. Pano palibe amene amandilanda kanthu, aliyense amandimvera chisoni.

Zazikulu sindilonjeza, mungadzandigwire bodza. Ndikulonjezani ziwiri zokha. Loweruka ndidzamuuza Gwamaka kuti ayi, ndipo ndidzanena iye asanakhale n'komwe pansi. Ndipo kuyambira lero, mdzukulu wanu akalowa m'chipinda muno, foni ndiziivundikira pabedi, ngakhale ndili pakati pa mtsetse, lole igwere kumene igwere. Mundipempherere kumeneko, chifukwa ndekha mphamvu zake ndilibe.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koposa mmene ndasowera miyendoyi.

Ndine mwana wanu,
Feston