Buku la Natasha m'minibasi

Loweruka madzulo. Lero mtima wanga uli mbee.

Ndamugulira mwana wanga Natasha buku ku Kamwala, lonena za kamtsikana kachialubino ngati iyeyo, kotsogolera kwaya katavala chipewa chachikulu. Pobwerera m'minibasi, mayi wina atangomuona Natasha analavulira m'bulauzi mwake, kuopa kudzabereka mwana wotere. Ndinapsa mtima. Ndisanatsegule pakamwa, Natasha anamuikira bukulo pamiyendo.

"Ba anti, onani, uyu ni ine. Niwelengeleniko."

Mayi uja anazolika, kenako anayamba kuwerenga. Titafika pa Kaunda Square, kondakitala anamukumbutsa kuti atsike.

"Tiye nayo," anatero mayiyo, "tikalibe kusiliza buku."

Anatsika nafe ku Chelstone, n'kuwoloka msewu kukadikira basi yobwerera.